Waranti Imene Esinati Anakusankhira

Oldbury, Loweruka masana

Tiyamike mwana wanga,

Wapita m'tauni kukatsanzikana ndi anzako, ndipo nyumba yangoti zii. Masutikesi ako ali m'khonde, galimoto yako ili panja, makiyi wawasiya pa msomali paja. Ndakhala pa tebulo la kukhitchini kuti ndikulembere, chifukwa ndikati ndiyambe kulankhula pakamwa iwe umangoti, "Mum, it's sorted," nkhani n'kuthera pomwepo. Pepala sungaliyankhe choncho. Uwerenge mpaka kumapeto, ndipo usanamizire kuti Chichewa chikukuvuta. Unabwera kuno uli mtsikana wamkulu kale, sunachiiwale.

Mawa ukupita ku Telford kukayamba ntchito pa chipatala, ndipo ukakhala kwa amayi ako aang'ono, Esinati. Kumeneko munthu wopanda galimoto amavutika, ndiye unachita bwino kugula. Unapita kukagula ndi Esinati, osati ndi ine. Munabwerako ndi galimoto ndi chikwama chobiriwira cha mapepala, m'kati mwake muli waranti, lonjezo lija lakuti chinthu chachikulu chikawonongeka pa zaka ziwiri zikubwerazi, kampani ndiyo idzalipira makaniko. Unalipira mapaundi mazana atatu ndi theka chifukwa cha lonjezo limeneli. Pepala lawo likuti ukasintha maganizo pasanathe masabata awiri akubwezera ndalama yako, ndipo masabata awiriwo akutha Lachinayi. Lolemba unandifunsa uli pamasitepe, "Should I keep it, Mum?" Ine ndinati, "Ukafunse amene unapita nawo." Linali yankho loipa, ndipo ndinaona nkhope yako itagwa. Lero ndikuyankha bwino.

Koma ndiyambe ndi kukuuza chimene chikundidya, kuti malangizo anga uwayese ukudziwa. Ndili ndi nsanje, Tiya. Ndili ndi nsanje ndi mng'ono wanga weniweni, amene ndinamubereka kumsana ali khanda. Bambo ako atamwalira ine n'kubwera kuno kudzagwira unamwino, ndinakusiya m'manja mwake zaka zitatu. Ndiye anakugonera kuchipatala utadwala malungo, ndiye anakusokera yunifomu ya ku sekondale. Ine ndinali mawu a pa foni ndi katundu wa pa Khirisimasi. Tsiku lina ndikuimba, ndinakumva ukufuula uli kutali ndi foni, "Amayi, bwerani, akuimba amayi a ku UK!" Khadi la foni linali lisanathe koma ndinadula, n'kukhala pansi m'kachipinda kanga kaja. Sindinakuuzepo, ndipo sunalakwe, unali mwana. Ndipo ndisabise, ndili ndi kansanje ndi iwenso. Iwe wagwira chiwongolero chako uli ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri, pamene ine ndinachigwira imvi zitayamba kale.

Galimoto yanga yoyamba ndinaigula chifukwa cha nsanje yomweyi. Ukukumbuka kuti unabwera ndege imodzi ndi Esinati, nayenso atapeza ntchito ya unamwino. Chaka chisanathe, munthu uja anatulukira pa tchalitchi akuyendetsa galimoto yofiira, amayi a chigwirizano n'kumuimbira nthungululu pabwalo la magalimoto. Ine amene ndinamuphunzitsa kukwera basi ya kuno, ine amene ndinamubwereka jekete lake loyamba, ndinaima potero ndi tikiti yanga ya basi m'thumba, ndikumwetulira mpaka masaya kuwawa. Layisensi ndinali nayo kale, ndalama ndiyo inali yosakwana, koma sabata yotsatira ndinapita ndekha ku Nechells, kuseri kwa mafakitale, kumene bambo wina ankagulitsa magalimoto akale pabwalo la mpanda wa waya. Ofesi yake inali kontena yokhala ndi hita imodzi. Ankalankhula Chingerezi cha kuno chija chothamanga, chomeza mawu, ine n'kumangogwedeza mutu kuopa kuti angaone ngati sindinapite kusukulu. Atatulutsa pepala la waranti anati ndikugula mtendere wa mumtima. Ine, munthu amene ndimawerenga zolemba za madokotala zimene eni ake amalephera kuwerenga, ndinasaina masamba asanu ndi limodzi osawerenga mzere ndi umodzi womwe. Usadzagule chinthu chifukwa mnzako wagula, Tiya, ndipo usadzasaine wogulitsa atakuimirira pamutu. Pepala uzipita nalo kunyumba, ukaliwerenge utavula nsapato.

Kulakwa kwanga kwachiwiri ndi kumene kunandigwetsa, ndipo mzungu sangakumvetse. Ukuwadziwa a Mbewe, akulu a mpingo kwathu kuno. Masiku a ntchito amanyamula makatoni ku weyahausi, koma kwathu anali makaniko weniweni ku Kanengo zaka zambiri. Amalawi tonse a mbali ino magalimoto athu ankapita kwa iwo Loweruka. Umagula oyilo wako, iwo n'kuyala katoni pansi, n'kulowa kunsi kwa galimoto akuimba nyimbo za m'buku. Akamaliza umawapatira kangachepe m'manja, iwo n'kukana kawiri, kachitatu n'kulandira. Kupita ku galaji ya azungu pamene a Mbewe alipo kunali ngati kuwanyoza, ndipo mpingo wonse ukanamva kuti mayi uja wayamba matama. Ntchito yawo inali yabwino, usamve molakwa, galimoto inkachoka m'manja mwawo ikulira bwino kuposa mmene inabwerera. Koma lisiti panalibe. Ungapemphe bwanji lisiti kwa mkulu wa mpingo amene wangogona pa simenti yozizira chifukwa cha iwe? Kuli ngati kumuuza kuti sukumukhulupirira.

Patapita chaka ndi miyezi ingapo, giyabokosi inafa. Inafera pa raundabauti ndikupita ku shifiti ya m'mawa, mvula ikugwa, magalimoto akundiimbira mahutala kumbuyo. Sindinade nkhawa kwambiri, ndinati si ndili ndi mtendere wa mumtima m'chikwama? Ndinaimba foni ku kampani ija, mtsikana waulemu kwambiri anati nditumize buku la sevisi. Ndinalipeza m'kabokosi ka kutsogolo, loyera mbee ngati kope la mwana amene sanayambe sukulu. Pa tsamba lachinayi la pepala limene sindinawerenge lija panali mawu akuti sevisi iliyonse ichitike ku galaji yolembetsedwa, ndipo adinde chidindo m'buku. Anakana kulipira, mwaulemu womwe uja. Ndinathamangira kwa a Mbewe ndili wefuwefu.

"Abambo, kodi chidindo mulibe? Chilichonse, bola chidindo."

Anandiyang'ana, n'kutambasula manja awo akuda ndi girisi. "Mayi a Tiya, ine chidindo changa ndi ichi. Ma-stamp ndiwatenga kuti, ndilibe ngakhale garage?"

Kukanakhala kwathu ndikanangopita pa positi kwa osema zidindo aja, madzulo buku lonse litadzaza. Maganizo amenewo anandibwereradi, Mulungu andikhululukire. Giyabokosi inali yodula kuposa galimoto yonse, ndiye ndinaigulitsa kwa ophwasula, waranti n'kupita nayo limodzi.

Tsopano umve chimene chinandipsetsa mtima koposa. Mwezi womwewo galimoto yofiira ya Esinati inavuta injini, ndipo waranti yake inalipira. Inalipira chifukwa mng'ono wanga uja amasunga lisiti ngakhale la machesi. Iye kwa a Mbewe ankangopitako kukawapatsa moni, sevisi ankachitira ku galaji, anthu azinena zimene anene. Lamulungu lotsatira anaimirira kutsogolo kupereka umboni. "Abale, Yehova wandi-fixira engine, sindinalipire olo penny!" Mpingo wonse unati ameni. Inenso ndinaomba m'manja, nsapato zanga zili zonyowa chifukwa choyenda kuchokera pa siteji ya basi. Pobwerera anandinyamula pa galimoto yomweyo, ine kumbuyo, iwe kutsogolo ukusintha mawayilesi.

Koma umboni uja sunali wonse, ndipo ichi ndikuchinena mokondwera pang'ono, ndivomere. Patapita nthawi tikutsuka mbale kwake, Esinati anaulula kuti waranti yomweyo inamukanira kilatchi, inamukanira mabuleki, inamukaniranso batire. Anamuuza kuti zimenezo sizinawonongeke, zangotha ndi kuyenda, ndipo zotha ndi kuyenda salipira. Ngakhale pa injini paja, mapaundi oyamba analipira yekha. Zimenezo sanaziimirire kutsogolo kwa mpingo. Ndiye usamaone ngati ukakhala ndi waranti ndiye kuti galimoto izikonzedwa ulere. Zinthu zimene zimafa kawirikawiri pa galimoto yakale ndi zomwezo zimene iwo anazichotsa pa mndandanda, ndipo anazichotsa akudziwa. Kampani si mpingo, Tiya, sinatsegule ofesi kuti ikuchitire chifundo.

Pepala lako ndaliwerenga lonse. Lachitatu uli kosamba ndinalitenga, ndinavala magalasi, ndinaliwerenga kawiri mpaka timalemba tating'ono ta pansi. Injini ilimo, giyabokosi ilimo, zamagetsi zina zilimo. Kilatchi, mabuleki, matayala, batire ndi paipi ya utsi mulibe. Pa vuto lililonse mapaundi makumi asanu oyamba ndi ako, ndipo pali malire a ndalama imene angalipire, kupitirira apo uwonjezera wekha. Makaniko asakhudze kanthu usanawaimbire foni iwo n'kuvomera, apo ayi akukanira ngakhale chinthu chili pa mndandanda. Ndipo sevisi yoyamba ichitike isanathe miyezi isanu ndi umodzi, ku galaji ya chidindo. Mzere umenewu uusunge, ndibwereranso kwa iwo. Usasokonezenso waranti ndi inshuwalansi ya pamsewu. Ya pamsewu ndi lamulo, imeneyo sitikambirana n'komwe.

Galimoto yanga yachiwiri, iyi ndikuyendera mpaka lero, ndinakana waranti wogulitsa asanamalize kulankhula. Mnzanga wina wa pa wodi, mzungu, anandilangiza kuti ndalama imene ndikanapatsa kampani ndizisunga ndekha mwezi ndi mwezi, galimoto ikafa nditengepo, ikapanda kufa ndalama ndi yanga. Ndi nzeru yabwino, ndipo ukaiwerengera bwino imaposa waranti. Ndinasunga m'chitini cha mabisiketi pamwamba pa wadilobu miyezi khumi osaphonya. Kenako foni inalira kuti amalume ako atisiya. Bokosi, galimoto yonyamula maliro kuchoka ku tauni kupita kumudzi, chakudya cha anthu, zonse zinayang'ana kwa ine, mlongo wamkulu wa ku UK. Ndikanati chiyani, kuti pepani, iyi ndi ya galimoto? Zotsala zinapita ku fizi ya mwana wa malemuyo. Pampu ya madzi itafa m'nyengo yozizira, chitini chinali ndi fungo la mabisiketi lokha, ndipo ndinakwera mabasi awiri kupita, awiri kubwera, kwa masabata atatu. Mnzanga uja sanandinamize, kungoti foni yake siilira ngati yathu.

Apa ndi pamene ndinamvetsa chinthu chimene wogulitsa aliyense sangakuuze chifukwa sachidziwa. Ubwino wa waranti kwa anthu ngati ife ndi wakuti sungaitumize kumudzi. Ndalama ya m'chitini ili ndi abale, ya waranti inapita kale, palibe angaipemphe. Ndipo usaganize kuti iwe foni siidzakupeza. Kumudzi adziwa kale kuti Tiya wayamba ntchito, ndipo amene anawauza ndine, ndi pakamwa panga pa matama.

Ndiye yankho langa ndi ili, ngakhale likundiwawa polemba. Isunge. Esinati anakulangiza bwino. Galimoto yako yayenda kale mtunda wautali, ntchito yako ndi yatsopano, ulibe kalikonse kumbali, ndipo ku Telford galimoto ikafa mwezi wachiwiri udzayamba kuchedwa ku ntchito anthu asanakudziwe n'komwe. Kwa zaka ziwiri izi isunge, koma uisunge ngati Esinati, osati ngati ine. Lisiti lililonse m'chikwama chobiriwira, sevisi iliyonse chidindo, ndipo uyang'ane ndi maso ako kuti adindadi usanachoke pa galaji. Zaka ziwiri zikatha adzakutumizira makalata okoma kuti uwonjezere, pamenepo udzaime kaye. Galimoto ikamakalamba mtengo wa waranti umakwera, zimene amalipira n'kumachepa, ndipo pofika nthawiyo udzakhala utaphunzira kusunga ndalama ku banki kumene ngakhale ine sindikudziwa. Ukadzagula yatsopano ya m'sitolo, imabwera ndi lonjezo la opanga, usadzalipire kawiri chinthu chimodzi. Ndipo Mmalawi wokoma mtima akadzati bweretsa ndikuonere, udzamuthokoze, umuphikire tiyi, koma makiyi akhale m'thumba mwako.

Tsopano pali chinthu chimene ndachita lero, ndipo ndikapanda kukuuza malangizo onsewa ndi bodza. Lolemba lija, utangondifunsa pamasitepe, ndinaimbira a Mbewe kuti abwere Loweruka adzachite sevisi galimoto ya mwana, ikhale mphatso yanga yotsanzikana. Ndinadziuza kuti ndi mphatso. Ndinakonza kuti ukabwera ndidzakuuze kuti sevisi yachitika kale, usavutike ndi galaji mpaka chaka chamawa. Ukanandikhulupirira, si ndine mayi ako? Miyezi isanu ndi umodzi ikanadutsa, buku lako lili loyera ngati langa lija. Lachitatu ndinawerenga mzere uja ndi magalasi, kawiri, ndipo a Mbewe sindinawaimbire kuti asabwere.

Anafika utangotuluka. Anayala katoni yawo, anatsegula boneti, kenako anapita kutsogolo kukafuna buku la galimoto n'kupeza chikwama chobiriwira. Anachitembenuza, n'kundiyang'ana pamwamba pa magalasi awo.

"Mayi a Tiya, iyitu ili pa warranty iyi. Mwaiwala zija za gearbox?"

Sindinaiwale, Tiya. Ndinaima pamenepo nditanyamula chigubu cha oyilo, ndipo ndinaona bwinobwino chimene mtima wanga unkafuna. Unkafuna kuti tsiku lina galimoto ife, kampani ikane, nzeru za Esinati zioneke zachabe kamodzi kokha pa moyo wake, iwe undiimbire ukulira, ine ndithamange mpaka ku Telford kudzakupulumutsa. Ndinali wokonzeka kukuwonongera mapaundi mazana atatu ndi theka, mwinanso ntchito yako, kuti undifune. Manyazi amene anandigwira sindinawamvepo chibadwire. Ndinati, "Tsekani, abambo." Anatseka boneti. Anangoyesa mpweya wa matayala, anaika dzanja padenga la galimoto n'kuipempherera, anamwa tiyi wawo n'kumapita. Oyilo sanamukhudze, chigubu chili m'shedi chosatsegula. Sevisi sinachitike, wamva? Isanathe miyezi isanu ndi umodzi, ku galaji ya chidindo.

Ukwiye ngati ukufuna kukwiya, uli ndi chifukwa. Ukafuna kumuuza Esinati umuuze, ngakhale ndikanakonda ndimuuze ndekha. Iye sanandilakwire kanthu. Ndinamupempha kuti akulere, ndipo anakulera bwino kuposa mmene ndinkafunira. Ukakhale naye mwaulemu, uzitsuka mbale osadikira kuuzidwa, ndipo ukabwera mochedwa uzimudziwitsa, chifukwa munthu uja sagona mwana ali panja. Ndikudziwa, ndinkamva pa foni.

Pobwezera chikwama chija m'galimoto ndinaona kakhadi kali m'kati mwa chikuto, kolembapo manambala oimba galimoto ikafera panjira. Pamwamba pali ya kampani, yosindikiza. Pansi pake walemba ndi dzanja lako, ndi bolopeni, mawu akuti "Amayi," ndipo nambala yake si yanga. Ndinakhala pampando wako woyendetsera kanthawi ndithu nditagwira kakhadiko. Ndikudziwa kuti n'zanzeru, iye ali pafupi, ine ndili kutali. Ndalemba yanga pansi pa yake, ndi pensulo, yopanda dzina. Ukaona kuti ikudetsa khadi ufufute, sindidzafunsa.

Galimoto ikafa, imbira kampani poyamba monga pepala likunenera. Kenako imbira Esinati adzakutenge. Ukafika kunyumba, utavula zonyowa, undiimbire ine, ndilola kukhala wachitatu. Koma galimoto ija a Mbewe aiyang'ana ndipo akuti ndi yabwino, mwina zaka ziwiri zonse zidzatha osafa ngakhale kamodzi. Ndiye usadikire kuti ife, mwana wanga. Uzingondiimbira.

Mulungu akutsogolere pamsewu, ndipo usathamange pokhota paja potulukira mumsewu waukulu.

Ndine mayi ako,
aja a ku UK.